Mwana akukangana za ndege ya m'makomiki, kodi zidzamudyetsa?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wa Fomu 3 amagona pakati pa usiku akulimbana ndi anzake pafoni za ndege ya gulu la X-Men, anthu amphamvu zodabwitsa a m'makomiki, mabuku a nkhani za zithunzi. Akuti ndegeyo inaphwasuka m'buku lina, koma m'buku lotsatira ikuuluka ngati sizinachitike, ndiye mnyamatayo wadzaza kope lonse ndi zosemphana zoterezi. Funso la mayiwo ndi lakuti, "Kodi ndimulande foni?"

Mayi, foni ilandeni ikakwana nthawi yogona, koma kopelo musalitenthe.

Ndege imene akukanganayo, Blackbird, ojambula anaitengera ku ndege yeniyeni ya asilikali a ku America, SR-71, yomwe kampani ya Lockheed inaiulutsa koyamba mu 1964. Inkathamanga kuposa katatu liwiro la phokoso, ndipo mu 1976 inafika pa makilomita oposa 3,500 pa ola. Koma munkakwera anthu awiri okha, pomwe ya m'makomiki imanyamula gulu lonse n'kumatera choimirira ngati helikopita. Ngati mwana wanu anazindikira yekha kusiyana kumeneku, mutu ulipo.

Mufunseni ichi: n'chifukwa chiyani SR-71 inkadontha mafuta ikakhala pansi? Zitsulo zake za titaniyamu ankazilumikiza mosathina dala, chifukwa ikathamanga kwambiri inkatentha, zitsulozo n'kufutukuka mpaka mipata kutsekeka. Imeneyo ndi Fizikisi ya m'kalasi mwake momwemo. Maso akawala n'kuyamba kufunsa zambiri, njira yake ndi ya uinjiniya, ndipo Masamu ndi Fizikisi ayenera kuzimenya bwino pa MSCE. Ku MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa uinjiniya wa makina, komanso kuno kwathu kuli African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za tindege touluka popanda munthu mkati, yomwe inatsegulidwa mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF.

Ine komabe ndikukayika ngati ndege ndiyo yamugwira mtima. Mwana wokonda ndege amajambula mapiko. Wanuyu akulemba nambala za mabuku ndi kuona pamene nkhani yadzitsutsa. Ameneyu ndi mkonzi. Nkhani ya X-Men inayamba mu 1963 ndipo yadutsa m'manja mwa olemba ambirimbiri, choncho pamafunika munthu wokumbukira kuti wakutiwakuti anafa liti, ndegeyo inamangidwanso kangati. Kampani ya Marvel, yomwe imasindikiza makomiki a X-Men, inkatumiza ngakhale mphoto yachipongwe, envulopu yopanda kanthu yotchedwa No-Prize, kwa owerenga amene agwira cholakwa n'kupeza njira yochifotokozera. Mark Gruenwald anayamba ngati wowerenga wotere, akusindikiza kamagazini kake ka nkhani zomwezi, mpaka Marvel inamulemba ntchito ku New York mu 1978 ndipo anakhala mmodzi wa akonzi ake akuluakulu.

Sindikuti mwana wanu apita ku New York, ayi. Koma diso limenelo limafunika ku nyuzipepala, kwa osindikiza mabuku, ngakhale pojambula filimu, pomwe pamakhala munthu woonetsetsa kuti amene analowa m'nyumba atavala malaya ofiira asatuluke atavala oyera.

Muyeseni patchuthi. Mupatseni nyuzipepala ya Loweruka ndi cholembera chofiira, achonge paliponse pamene dzina, chaka kapena nambala zasemphana. Kenako alembe tsamba limodzi m'Chingerezi, kufotokoza nkhani ya ndegeyo moti inu, amene simudziwa X-Men, mumve. Tsambalo munditumizire pamodzi ndi zotsatira zake za teremu yathayi.