Mfumu Neptune, nsomba yaiwisi ndi ufulu wokana

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwapeza ntchito yokonza zipinda pa sitima ya alendo, ndipo mwamva kuti podutsa ikweta, mzere wongoyerekeza wogawa dziko lapansi pakati, adzakugwaditsani pamaso pa "mfumu ya nyanja", kukupakani zonyansa n'kukuponyani m'madzi. Mukufunsa ngati kumeneku si kupembedza mafano, komanso ngati munthu angakane. Funso lachiwirilo ndi limene landisowetsa tulo.

Ine tizi ndinaidziwa ndili ndi zaka 14, sabata yoyamba ya Fomu 1 kusukulu yogonera konko. Anatidzutsa pakati pa usiku, kutithira madzi ozizira, n'kundipatsa kamtengo ka machesi kuti ndiyeze kutalika kwa hositelo yonse chogwada. Chimene chimandiwawabe si maondo. Ndi mawu amene mtsikana wa Fomu 4 anandiuza ndikulira, akuti nawonso anadutsa momwemo. Ndiye patapita zaka zambiri, sitima yathu itanyamuka ku Cape Town mwezi wa April kulowera ku Ulaya, n'kumva kuti ofika kumene tonse tidzazengedwa mlandu pa ikweta, m'mimba munangoti myuu. Ndinali mayi wa ana awiri, koma usiku umenewo ndinabwerera ku Fomu 1.

Tsikulo litafika, zimene ndinaona padziwe losambiramo zinali zina. Mkulu woona zachisangalalo anavala ndevu zoyera zoikirira ndi chisoti chachifumu chapepala, atanyamula mkondo wa nsonga zitatu. Ameneyo ndiye Neptune. Pambali pake panali mfumukazi yake, woweruza, ndi dokotala wabodza. Amene sanadutsepo ikweta amatchedwa pollywog, kutanthauza mbululu, ndipo akadutsa amasanduka shellback, wachigoba kumsana ngati kamba. Ankawerenga milandu yopeka, monga kudya kadzutsa kawiri, wolakwayo n'kupsompsona nsomba yaiwisi, kupakidwa ufa, mazira ndi spaghetti, kenako phava m'dziwe. Alendo ankachita kulembetsa okha. Agogo ena aakazi oyendera ndodo anapsompsona nsomba ija maso ali psii, anatuluka akuseka mpaka misozi, ine ndikuwagwirira thaulo.

Za mafano ndikuyankheni mosabisa. Neptune analidi mulungu wa nyanja wa Aroma akale, choncho mantha anu si opanda mutu. Koma ine sindinamvepo pemphero pamenepo, sindinaone nsembe, ndipo Neptune yemweyo madzulo ake anali atavula ndevu zija akulengeza za gule. Kwa ine ndi sewero, longa la ana a sukulu pa tsiku lotsekera. Mnzanga wina wa ku Philippines, wopemphera kwambiri, anati mtima wake sukumulola kugwadira munthu wovala dzina la mulungu wina, ndipo sanagwade. Ndinamulemekeza, ndimamulemekezabe.

Mwambowu ndi wakalekale, ndipo kale sunali wa ufa ndi mazira. Mu October 1768, sitima yotchedwa Endeavour ya James Cook, mmalinyero wotchuka wa ku Britain, itadutsa ikweta, anthu ankamangidwa pachingwe n'kumizidwa m'nyanja katatu. Pamndandanda wa oti amizidwe panali ngakhale agalu ndi amphaka a m'sitimamo. Joseph Banks, munthu wachuma amene anali m'sitimamo, anadziwombola polipira mowa. Mukuona? Kuyambira kale, wa ndalama ankatha kukana. Mu February 1832 Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe, ali pa sitima ya Beagle anamumanga kumaso, kumupaka phula ndi penti, kumumeta ndi chitsulo chokakala, n'kumugwetsera m'madzi. Ngakhale pulezidenti wa America, Franklin Roosevelt, anazengedwa mlandu ndi Neptune mu 1936 pa sitima yankhondo ya Indianapolis. Ndimamvetsa chimene amalinyero ankafuna. Miyezi yambiri osaona mtunda, mphepo yatha, dzuwa likuswa mtengo, anthu atatopetsana. Tsiku limodzi loti wamng'ono aweruze wamkulu linkatsitsa mitima.

Koma apa mpamene ndimalimba mtima. Usiku womwewo, kumunsi kumene timagona antchito, kunachitika mwambo wachiwiri umene alendo sanauone. Kapitawo wina wa kukhitchini anagwira mnyamata wotsuka mbale amene anali atakana masana, anzake n'kumupanikiza pansi, kumuthira zotsala za m'mapoto zimene zinagona. Mnyamatayo sanalire. Anangoti duu, monga ndinachitira ine nditatopa kulira ndi kamtengo ka machesi kaja. Ndinaima pakhomo osanena kanthu, chifukwa kontirakiti yanga inali yoyamba ndipo kwathu ankadikira fizi. Mpaka lero ndimadziimba mlandu. Anthu amati ndi mwambo, sitingausinthe. Bodza limenelo. Mwambo umene munthu sangaukane si masewera, ndi nkhanza yovala chisoti chapepala. Ku Australia nkhanza zimene zinachitika pa mwambo womwewu pa sitima yoyenda pansi pa madzi ya Onslow mu 1995 zitaonetsedwa pa kanema, anthu ambiri ananyansidwa.

Ndisanaiwale, wina akadzakuuzani kuti muyang'ane madzi a m'sinki akusintha kozungulira podutsa ikweta, musataye nthawi. Sinki ndi yaing'ono kwambiri moti kuzungulira kwa dziko sikungaoneke mmenemo. Panyanjapo palibenso mzere uliwonse. Kaputeni amangoliza lipenga la sitima, basi. Komabe lipengalo litalira ndinaima pakhonde la kumbuyo thukuta lili kamukamu, n'kukumbukira bambo anga amene ulendo wawo wautali pamadzi unali wa Ilala kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Nkhata Bay. Ndinalira, koma misozi ina, osati ya ku Fomu 1.

Nanga muchite bwanji?

Mwambo wa masana, wa padziwe, ngowonekera poyera ndipo ngwa ofuna. Mtima ukakulolani lowani, muvale zovala zakale, mumange tsitsi chifukwa dzira ndi ufa sizichoka msanga m'mesh. Ngati simudziwa kusambira, nenani asanayambe. Mtima ukakana, uzani kapitawo wanu tsiku lisanafike kuti mudzaonerera chabe, ndipo simukuyenera kufotokoza zambiri. Wina akakukokani mokakamiza, makamaka kuseri usiku, lembani tsiku ndi nthawi, mukanene ku ofesi yoona za antchito m'sitimamo, mutenge mnzanu mmodzi ngati mboni. Setifiketi yodutsa ikweta mukaifunsebe. Yanga ili m'sutikesi pamodzi ndi pasipoti yakale, ndipo pa ulendo wachiwiri ndi imene ndinaonetsa atafuna kundiika pamzere wa mbululu.