Musanalipire nyumba kuchigwa cha Shire kuno, funsani pamene madzi analekeza

Achimwene, mwafunsa ngati mugule nyumba ku Nchalo, ku Ngabu kapena pa Dyeratu, ndipo mwati ya ku Nchaloyo ndi yotchipa modabwitsa, yamalata, mpanda wa njerwa. Kutchipako ndi kumene kwandichititsa kuti ndilembe. Kuno dzina la tauni silikuuzani zambiri. Ku Nchalo komweko kuli malo amene madzi safikako, koma mukangoyenda pang'ono mupeza pena pamene anthu anathawa usiku ana ali kumsana.

Mukapita kukaiona nyumbayo mu Okotobala, dziko lonse louma gwa, simudziwa kanthu. Funsani za zaka izi zimene madzi anasefukira: Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023. Musafunse mwini wake, ndipo dobadoba ndiye ayi ndithu, iyeyo akungodikira yake. Funsani mayi woyandikana naye, kapena wakabaza amene amaima pakona. Funso lake likhale lolunjika: nthawi ya Ana madzi anafika pati? Akuonetsani ndi dzanja, m'mawondo kapena pachifuwa. Kenako zungulirani kuseri, kumene sapaka penti. Madzi amasiya mzere wofiirira pakhoma, njerwa za m'munsi zimafumbutuka mukazikanda ndi chala, chitseko chimatupa n'kumakhula pansi. Mukaona chimbudzi chatsopano pa nyumba yakale, funsani chakalecho chinapita kuti. Nthawi zambiri chinatitimira.

Musamangoyang'ana kutalika kwa Shire. Anthu ambiri amavutika ndi mitsinje imene chilimwe imakhala mchenga wokhawokha, monga Mwanza ndi Nkombedzi. Mchenga unadzaza mitsinjeyi, ndiye mvula ikagwa kumapiri madzi amasowa njira, amabwera kumidzi ngakhale kwanuko kusanagwe dontho. Kutsidya la kum'mawa, Ruo akatsika kuchokera ku Mulanje n'kukumana ndi Shire pa Chiromo, onani mmene Makhanga amakhalira ngati chilumba. Ngakhale nyumba ili pamtunda, ganizirani njira yopitira kuchipatala ndi kusukulu ya ana. Nthawi ya Ana msewu wa M1 unaduka m'malo angapo m'boma la Chikwawa, anthu osatha kukwera ku Blantyre.

Za madzi akumwa, tengani kapu mukalawe pamjigo wapafupi. Mijigo yambiri kuchigwa kuno imatulutsa madzi amchere, sopo sachita thovu, tiyi samweka. Ngati pali mpope wa Southern Region Water Board, funsani anzanu oyandikana nawo kuti madzi amatuluka kangati pa sabata.

Ku Ngabu chenjerani ndi dothi la makande. Limatupa dzinja, chilimwe limang'ambika mpaka kulowetsa dzanja, ndipo nyumba ya maziko osazama imang'ambika nalo. Mng'alu wochokera pakona ya windo kutsikira pansi, umene aumata ndi simenti yatsopano, udzatsegukanso. Kutenthanso musakupepule, Okotobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40. Nyumba yamalata yotsika, yopanda siling'i, yopanda mtengo pabwalo, ana sagonamo. Ine mtengo wa nimu kapena wa mango pabwalo ndimauwerengera pa mtengo wa nyumba.

Pomaliza pake ndi mapepala, ndipo apa ndi pamene ndimamvera anthu chisoni kwambiri, chifukwa ndalama za penshoni zimathera pa mlandu. Malo ambiri kuno ndi a makolo. Wogulitsa akhoza kukhala mwana mmodzi mwa asanu, enawo ali ku Beira kapena ku Joni osadziwa kanthu. Pitani kwa anyakwawa ndi agulupu, abale a wogulitsa akhalepo, malire muyende nawo ndi mapazi pamaso pa oyandikana nawo, zonse zilembedwe ndi kusainidwa. Kenako mukafunse ku ofesi yoona za malo kukhonsolo ngati pulotiyo sinalowe m'malire a msewu kapena m'malo amene boma linauza anthu kuti asamuke.

Mukanakhala mchimwene wanga weniweni ndikanati muchite lendi dera lomwelo dzinja limodzi, muone Januwale mpaka Malichi ndi maso anu. Akakukakamizani kuti mulipire sabata ino chifukwa pali wina akuifuna, musiyeni winayo aigule.