Batire ya injini siyoyendetsera firiji usiku

Achimwene, mwafunsa ngati batire ya galimoto ingayendetse firiji ndi fani usiku wonse mukagona m'galimotomo kutchire. Chonde musayese. Batire imeneyo anaipangira kupereka mphamvu zambiri kwa masekondi ochepa poliza injini. Ine zinandichitikira: m'mawa ndinapotokola kiyi, magetsi a pa dashibodi anangoti phethi n'kuzima, pafupi popanda munthu wondithandiza.

Ikani batire yachiwiri, muilumikize kudzera pa DC-DC charger, kachipangizo kotchajira batire yachiwiri kuchokera ku magetsi a galimoto, kuti izidzaza mukamayenda koma isamakoke ya injini mukaima. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire. Ngati ndi ya asidi ya 100Ah (Ah ndi muyezo wa mphamvu imene batire imasunga), werengerani 50Ah yokha, chifukwa kuitsitsa kupitirira theka kumaipha msanga. Ya lithiamu ya mtundu wa LiFePO4 imapirira kutsika kwambiri, koma musaitchaje kukazizira kufika pansi pa 0°C. Firiji ikhale ya kompuresa ya 12V, ndipo sola ya padenga imathandiza ngati simuyenda masiku angapo.

Za AC (makina oziziritsa mpweya) pa batire imodzi, iwalani. Imikani pamthunzi, phimbani magalasi, fani ya padenga izitulutsa mpweya wotentha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuzizira. Musalowetse mbaula ya makala kapena kusiya chitofu cha gasi chikuyaka kuti mufunde. Zimenezi zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Hita ya dizilo ndi yabwino chifukwa utsi wake umatulukira kunja, koma onetsetsani kuti paipi yake sikudontha, ndipo alamu ya carbon monoxide ikhale pafupi ndi pogona panu.