Kd ya pa ELISA yakanidwa, ndiye mutani?

Achemwali ena a masitazi andilembera imelo kuti supavaiza wakana Kd (nambala yosonyeza mphamvu ya kugwirana kwa mapuloteni awiri, ikachepa ndiye kuti agwirana kolimba) yomwe anaipeza pa ELISA (njira yoyezera mapuloteni omatidwa pa plate yapulasitiki), ndipo labu yawo ilibe Biacore, makina oyezera kugwiranako m'njira yotchedwa SPR. Achemwali, ndawerenga mtima ukuwawa, chifukwa njira imeneyi ndinayendamo.

Ine ndinkayeza mmene puloteni ina ya tizilombo ta malungo imamatira ku risepita (puloteni ya pa selo yomwe zina zimagwirako) yosungunuka, ija yodulidwa kuti isakhalenso pa khungu la selo koma iziyandama m'madzi. Kumsonkhano wina bambo wina anaimirira, sanafunse za ma control, sanafunse ngati puloteni yanga inali yoyera, anangoti "SPR yanu ili kuti?" nkukhala pansi anthu nkumagwedeza mitu. Zimandinyansa mpaka pano. Biacore inatuluka 1990, pomwe wasayansi Scatchard analemba masamu a kugwiranaku 1949, ndiye zaka zonse zapakatipo anthu ankangolota? Makinawo ndi abwino inde, amakupatsa kon ndi koff (liwiro la kugwirana ndi la kutayana), koma puloteni yowonongeka ukaiika pa chip imakupatsabe nambala yokongola yabodza.

Komatu asupavaiza anuwo sakunama ayi, pamenepo ndiye sindikunyengererani. Pa ELISA mumamata puloteni papulasitiki, ina imapindika, kenako mumatsuka mobwerezabwereza ndiye chilichonse chogwira mofooka chimapita ndi madzi. Taonani RH5, puloteni ya tizilombo ta malungo, ndi basigin, risepita yake pa maselo ofiira a magazi, zomwe kugwirana kwake kunapezeka 2011, zimagwirana mofooka, cha m'ma micromolar, moti ofufuza a ku Sanger Institute ku England anachita kumanga mapuloteni asanu asanu pamodzi kuti zioneke nkomwe. Nkhani ina yomwe anthu safuna kumva ndi ya Fc, mchira wa antibody. Risepita yambiri yogula imabwera yolumikizidwa ku Fc, ngati mankhwala a etanercept, ndiye imagwira ndi manja awiri, dzanja lina likatayirira lina lagwirabe, ndipo zomwe mukuyeza pamenepo ndi avidity (mphamvu ya manja onse pamodzi) osati affinity (mphamvu ya dzanja limodzi).

Chochita

Sakanizani m'machubu, osati pa plate. Risepita ikhale yochepa komanso yofanana m'chubu chilichonse, yotsika kuposa Kd yomwe mukuyembekezera, ligand (puloteni yogwira ku risepitayo) muziwonjezera pang'onopang'ono, musiye usiku wonse zikhazikike. Mawa lake ELISA ija ingoyeza risepita yomwe yatsala yosagwidwa, mwachangu kuti musasokoneze. Imeneyi ndi njira ya Friguet ya 1985, asupavaiza akaiwerenge. Ndipo pezani risepita yopanda Fc.