Asuweni, botolo limeneli likupita kwa yani?

Asuweni, ndaliona funso lanu lija mwaponya pagulu pano m'mawa, loti pa mitundu yonse ya sake, mowa wa mpunga wa ku Japan uja, ndi uti umene munthu angagule ngati mphatso ya nyengo ino ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Ndikuyankha ndi mawu kuti azakhali amve okha, poti magalasi awo aja sanakonzetsebe. Mwati mphatsoyo ndi ya "munthu wina wake wamkulu". Eee... asuweni, ine ndinakuberekani kumbuyo muli khanda, ndiye musandiyese mlendo. Aphunzitsi anu a ku yunivesite simungawatchule kuti munthu wina wake. Botolo limeneli likupita kwa bambo a mtsikana uja amene wakhala akuonekera m'mphepete mwa zithunzi zanu kuyambira mu Okutobala, ndipo ngati ndikunama munditsutse pompano abale onse akumva.

Chimene chikundiseketsa n'choti mukufunsa ine amene ndinabwerako kale, pamene inu mukugona ndi kudzuka ku Saijo, m'chigawo cha Hiroshima ku Japan. Ine ndinkakhala ku Kobe, kufupi ndi Nada, ndipo anthu a ku Japan akamatchula madera otchuka pofulula sake amatchula Nada, Fushimi wa ku Kyoto, ndi Saijo wanuyo. Mukatuluka pa siteshoni ya sitima, machumuni a njerwa zofiira amene mumawadutsa aja ndi a nyumba zofululira mowa, ndipo zilipo 7 zoyandikana, zoti munthu n'kuziyendera wapansi masana amodzi. Mwezi uno muyang'ane pamwamba pa zitseko zawo, muona mpira waukulu wa masamba a mtengo wa sugi utapachikidwa. Ukakhala wobiriwira ndiye kuti mowa watsopano watuluka.

Tsono za zolembedwa pabotolo ndinena mwachidule, chifukwa ndikudziwa kuti mumatopa msanga munthu akamakuphunzitsani. Sake amapangidwa ndi mpunga, madzi, yisiti ndi nkhungu yapadera yotchedwa koji, imene imasandutsa mpungawo kukhala wotsekemera kuti uthe kuwira. Asanafulule amayamba aupala mpungawo, monga mmene timakonolera chimanga kuti madeya achoke titsale ndi mphale, ndipo nambala imene mumaiona pabotolo ikunena gawo la njere limene latsala. Akatsala ndi 60 peresenti kapena kucheperapo amati ginjo, akatsala ndi 50 peresenti kapena kucheperapo amati daiginjo. Mukaona mawu oti junmai, ndiye kuti sanathiremo mowa wina wotcheza. Dassai 23 amene anzanu angakuuzeni kuti ndiye mapeto a zonse, nambala yakeyo ikutanthauza kuti pa njere iliyonse anataya zoposa magawo atatu mwa anayi, n'chifukwa chake mtengo wake umaluma. Ukali wa sake umakhala cha m'ma 15 kapena 16 peresenti, choncho musamuone kuyera ngati madzi n'kumuderera.

Koma tadikirani, ndisanapitirire ndikukumbutseni za amalume anu a ku Ntcheu, bambo anga aang'ono, chifukwa inu nthawi imeneyo munali mwana ndipo nkhaniyi munangoimva mbali imodzi, ya amayi anu. Paja anyamata ndi atsikana ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera ku Malawi kuyambira mu 1971, ndiye pamene amalume anali ahedi pa sukulu ija anawatumizira mnyamata wina wodzaphunzitsa masamu... ayi, ndanama, iyeyo anali wa sayansi, wa masamu anali winayo wa njinga yofiira uja. Nthawi yake yobwerera itakwana, makolo ake anabwera kudzaona kumene mwana wawo ankakhala, ndipo anamubweretsera botolo lalikulu lija la malita 1.8, atalikulunga bwinobwino m'kansalu. Mnyamatayo analinyamula madzulo n'kupita nalo kwa ahedi kukatsanzika.

Amalume analilandira ndi manja awiri, analitembenuza uku ndi uku ngati akuwerenga zilembozo, kenako anaitanitsa kiyi wa kabati ya magalasi ya pabalaza n'kulikhazika pakati pa mbale za alendo ndi chithunzi chawo chaukwati. Amayi aang'ono amasimba kuti mnyamata uja anadya nsima yonse maso ali pakabati, ndipo m'thumba mwake anali atatenga timakapu tiwiri tadothi timene sanatitulutse mpaka pamene ankatsanzika pakhomo. Amalume timakaputo anatiyika m'kabati momwemo. Iwo mutu wawo unali pa kachasu wa azungu uja ankamutamanda, woti akamakhalitsa m'pamene amakoma, ndiye anagamula kuti botolo la ku Japan lidikire tsiku lalikulu.

Linadikiradi. Dzuwa la kumadzulo linkalowa pa zenera lija la kumsewu n'kumaliwomba tsiku ndi tsiku, mwezi wa Okutobala ukubwera n'kupita. Mlendo aliyense, kaya ndi abusa amene sankamwa n'komwe, kaya ndi oyendera sukulu, ankayamba waonetsedwa botolo asanapatsidwe mpando. Zimene zinawachitikira achimwene aakulu atangoyerekeza kugwira kiyi uja, aliyense pagulu pano akuzidziwa, ndipo eni ake akumva, ndiye sindibwereza. Tsiku lalikululo linadzakhala chinkhoswe cha achemwali, chija cha mbuzi yothawa. Amalume anavala jekete, anaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuseri kwa nyumba, n'kutsekula. Mowa umene unalowa m'kabati uli woyera mbee unatuluka uli wofiirira, fungo lake losati n'kuyandikira. Ankhoswe a kuchimuna, poopa kuchititsa manyazi eni mudzi, anameza osapuma, misozi ili lengelenge, ndipo amalume anawayang'ana m'maso n'kunena kuti umo ndi mmene amamwera anthu ophunzira a ku Japan. Mpaka lero sanavomerepo kuti mowa uja unawonongeka. Amati malilime a ankhoswe ndi amene anali osazolowera.

Ine ndinadzamvetsa nditafika ku Kobe kuti sake sakhalitsa choncho. Ulipo wina umene eni ake amausunga dala zaka zambiri, koma umenewo ndi ntchito ya akatswiri, osati ya kabati ya pabalaza. Wamba amafuna kumwedwa chisanathe chaka kuchokera pa mwezi umene walembedwa pabotolo, amadana ndi dzuwa ndiponso kutentha, ndipo akatsekulidwa amafuna firiji ndi kumalizidwa m'masiku ochepa. Mnyamata uja sanabweretse chokongoletsera nyumba. Iye ankafuna kukhala pansi ndi ahedi ake, awathirire, nawonso amuthirire, ndiye atsanzikane.

Apa ndiye pali yankho lanu, asuweni. Musagule botolo loti apongozi anu... pepani, ndafulumira, bambo a mnzanuyo, akalione n'kuliopa kulitsekula. Gulani loti litsekulidwe usiku womwewo inu muli pomwepo. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga junmai ginjo wa ku Saijo konko, botolo la mamililita 720, limene kawirikawiri silipitirira 3,000 yen, chifukwa mukanena kuti uyu ndi mowa wa kumene ndikukhala, nkhani yayambika kale ndipo simusowa chonena. Mukanyamula la mtengo wa lendi ya mwezi, mwana wa sukulu ngati inu, bambowo ayamba kuwerengera m'mutu kuti abweza chiyani, poti kumeneko mphatso imabwezedwa, komanso adzifunsa ngati mwana wawo akupita kwa munthu wodziwa kusunga ndalama.

Ngati mukufuna kakuwala pang'ono chifukwa ndi Chaka Chatsopano, a Kamotsuru, omwewo a pafupi ndi siteshoni, ali ndi daiginjo wokhala ndi tizidutswa ta golide tooneka ngati maluwa a sakura, yemwe Shinzo Abe, nduna yaikulu ya Japan pa nthawiyo, anathirira Barack Obama ku Tokyo mu 2014. Ameneyo ndi wabwino, ndipo nkhani yakeyo bambowo mwina akuidziwa kuposa inu, ndiye muwasiye aifotokoze okha. Chimene muyenera kupewa ndi botolo lolembedwa kuti nama, chifukwa limenelo silinatenthetsedwe pofuna kupha tizilombo ndipo limafuna kukhala m'firiji nthawi zonse, pamene inu muli ndi ulendo wa pasitima yofunda.

Musanatulutse ndalama, mufunseni mtsikanayo ngati bambo ake amamwa, komanso ngati amakonda wozizira kapena wotenthetsa. Anthu ambiri kumeneko thupi lawo siligwirizana ndi mowa, kakapu kamodzi nkhope yafiira kale, ndipo ngati bambowo ali otero ingogulani bokosi la timakeke ta ku Hiroshima totchedwa momiji manju, nkhani yatha. Ngati amakonda wotenthetsa, tengani junmai wamba, chifukwa ginjo akatenthedwa kafungo kake kabwino kaja kamathawa. Wogulitsa mumuuze tsiku limene mukupita, popeza pepala la noshi limene amamata pabokosi amalemba mosiyana: la kumapeto kwa chaka ndi oseibo, la masiku oyambirira a Januwale ndi onenga.

Ndibwerezenso, poti ndikudziwa kuti pofika pano mukumvera uku mukuchita zina: botolo lake likhale latsopano, la mtengo wapakatikati, loti mumwere limodzi. Mukafika musapereke muli chiimire pakhomo. Mudikire mulowe, mupereke moni, mulitulutse m'chikwama chapepala chija n'kulipereka ndi manja awiri. Akakatsekula musadzithirire nokha. Inu muziyang'ana kapu ya bambowo, ikatsika muwathirire botolo mutaligwira ndi manja onse, ndipo iwo akamakuthirirani munyamule kakapu kanu, osakasiya patebulo. Izi sizikuvutani, munaleredwa ndi azakhali.

Ndiye ndatha... ayi, katsala kamodzi. Achimwene akulemba kale apa kuti mugule mabotolo awiri, lina mudzabweretsere amalume. Mukatero mudzalitsekule nokha musanawapatse, chifukwa kabati ija ikadalipo ndipo kiyi amayenda naye m'thumba. Koma la bambo a mtsikanayo likhale loti likatsekulidwe inu muli pompo, ndipo mukabwerako mutiuze dzina lake mwanayo, tatopa kumutchula kuti wa m'mphepete mwa chithunzi.