Chojambula chikaposa "chakongola": mawu ounikira luso la manja

Funso: Ndine mphunzitsi kuno ku Matawale. Ana akandionetsa zomwe ajambula, ndimangoti "chakongola" kapena "bwerezanso". Kodi Chichewa chili ndi mawu ounikira ntchito yotere?

Alipo ambiri, aphunzitsi. Yambani ndi kutchula chimene mukuunika. Timatenga mneni, n'kuika ka- kutsogolo ndi -idwe kapena -edwe kumapeto. Osawerengera a wakumapeto kwa mneni, ngati lembo la liwu lomaliza m'tsinde ndi a, i kapena u, timati -idwe: kajambulidwe, kaumbidwe, kalukidwe. Likakhala e kapena o, timati -edwe: kasemedwe, kapentedwe, kasokedwe. Choncho "kasemidwe" n'kulakwitsa.

Kenako lozani pomwe pali vuto. Mzere ukhoza kukhala wowongoka, wokhota, wonenepa kapena wodukaduka. Zinthu zikaunjikana mbali imodzi ya pepala, nenani kuti chithunzi chalemera mbali imodzi. Zikachuluka mpaka diso kusowa popumira, zathithikana. Mutu wa munthu ukakula ngati dzungu, muuzeni mwana kuti ziwalo sizikugwirizana kukula. Munthu wamkulu woimirira amatalika ngati mitu yake 7 kapena 8 itasanjikizidwa.

Chenjerani ndi mawu atatu ofanana awa. Chithunzi ndi chojambulacho. Mthunzi ndi pomwe timabisala dzuwa, monga pansi pa mtengo wa mango. Chithunzithunzi ndi mdima wokhala ndi maonekedwe a chinthu, umene umagwa mbali yosafika kuwala. Mwana akajambula dzuwa kumanzere kwa phiri la Zomba, zithunzithunzi zonse zigwere kumanja. Zikabalalika, ndiye kuti sanaganizire kochokera kuwala.

Komanso kuunika si kusuliza. Kusuliza kumanyoza mwini ntchito.

Funso: Nanga mitundu? Ena amati thambo ndi lobiriwira, masamba nawonso ndi obiriwira.

Zoonadi, -biriwira amagwira ponseponse pakamwa pa anthu ena, n'chifukwa chake ambiri masiku ano amati "buluu" ponena thambo, ndipo ine sindiona cholakwa. Kuyera, kuda, kufiira, kutuwa ndi kubiriwira ndi aneni, motero timati nsalu yofiira, utoto wotuwa. Chikasu ndi dzina, ndiye timati nsalu yachikasu. Kukula kwa mtundu timakunena ndi mvekero: kufiira psuu, kuda bii, kuyera mbee, kutuwa mbuu. Utoto umene wasungunulidwa ndi madzi ambiri, ukauma umangoti mbuu. Polemba kumbukirani r pambuyo pa i ndi e: kubiriwira, kuyera, mzere.

Liwu loti "mtundu" limasokoneza, pakuti limatanthauzanso fuko kapena gulu la zinthu. Pofunsa, ndi bwino kunena kuti "mtundu wa utoto".

Funso: Ndimagula ziboliboli kwa osema a m'mphepete mwa msewu wa ku Chawe. Ndingamuuze bwanji mwini kuti sanamalize bwino?

Gwiritsani chala, achimwene. Pomwe papita sandipepa mpaka see, pasalala. Pomwe patsala mapazi a kasemasema, pakhakhala. Koma kukhakhala kwina n'kwadala, monga pa tsitsi kapena pa khungu la njovu, ndiye funsani kaye. Chosema chosakhazikika pa tebulo chapendekeka. Chong'aluka nthawi zambiri chimakhala chosemedwa pa mtengo wauwisi. Phingo weniweni amalemera m'dzanja ndipo mtima wake ndi wakuda mpaka m'kati. Mtengo wina wopakidwa polishi ya nsapato umapepuka, ndipo mukakanda pansi pake pamatuluka poyera.