Mphindi zisanu pa kompyuta, bwanji zikudula kuposa kusintha mabuleki?

Mayi wina wanditumizira imelo yaukali ndithu, ndipo ndangoifupikitsa kuti ikwane pano:

"Nyali yachikasu ya injini inayaka pa dashibodi. Nditapita ku galaja, makaniko analowetsa chingwe kunsi kwa chiwongolero n'kuyang'ana pa kompyuta yake mphindi zosakwana zisanu. Sipana sanaigwire, manja ake sanade n'komwe, koma ndalama ya kuyezako inaposa imene ndinalipira posinthitsa mabuleki chaka chatha. Kenako akuti vutolo afunika alifufuze bwinobwino, ndipo ndilipiranso. Kodi kumeneku si kuba dzuwa likuswa mtengo? Ndikuganiza zogula kachipangizo kotchipa kolumikiza ku foni kuti ndizidziyezera ndekha. Inu mukuti bwanji?"

Mayi, mkwiyo wanu ndikuumvetsa. Munthu akalowa kunsi kwa galimoto n'kutulukako ali bii ndi girisi, ndalama mumapereka mtima uli m'malo chifukwa thukuta lake mwaliona ndi maso. Koma wina angodinadina mabatani malaya ali mbee, kenako atchule mtengo wozunguza mutu, zimawawa. Komabe sindikuvomerezani zonse. Pa ndalama imene munapereka, ina ndi yoyenera ndithu. Ina ndi yoti mudandaule nayo, kungoti woyenera kumuloza chala si makanikoyo.

Kabowo kamene analowetsamo chingwe kaja kamatchedwa OBD-II, ndipo kali ndi malo a mawaya 16. Sikanaikidwe pofuna kuthandiza amakaniko kapena eni galimoto ayi, kanabwera chifukwa cha utsi. Akuluakulu oona za mpweya ku California ndi amene anayamba kukakamiza makampani opanga galimoto kuti injini izidziyang'anira yokha ngati ikutulutsa utsi woipa, ndipo kuyambira 1996 galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano zogulitsidwa ku America zinayenera kukhala ndi kabowo kameneka. Ku Ulaya lamulo longa lomweli linayamba mu 2001 pa galimoto za petulo, za dizilo zinatsatira pofika 2004. Mbiri imeneyi ikukhudza thumba lanu motere: lamulo linatsegula chipinda chimodzi chokha, cha injini ndi utsi. Za m'chipinda chimenecho galimoto iliyonse imazinena m'chilankhulo chimodzi, moti khodi (nambala yosonyeza vuto) P0300 imatanthauza kuti injini ikuphonyaphonya, kaya ndi Toyota kaya ndi Mercedes-Benz. Koma galimoto ya masiku ano ili ndi timakompyuta tambirimbiri, zina makumi angapo, tolankhulana kudzera pa mawaya awiri a CAN, njira imene kampani ya Bosch inatulutsa mu 1986. Kena kamayang'anira mabuleki a ABS, kena ma airbag, kena giyabokosi, kena makiyi, kena zitseko. Timeneti kampani iliyonse inatiphunzitsa chilankhulo chakechake, ndipo womasulira wake ndi wolipira.

Koma tisanafike kwa makampaniwo, pali chinthu chimene anthu ambiri amachimva molakwika, ndipo ndi chimene chikukupwetekani mtima kwambiri. Kompyuta siuza makaniko chimene chawonongeka. Imangomuuza chimene galimoto ikudandaula. Zili ngati wodwala kunena kuti mutu ukumupweteka, adokotala amayenera kufufuza ngati ndi malungo, kuthamanga kwa magazi, kapena kungoti sanagone.

Ine ndemwe zinandionekera. Nyali yomweyo itayaka pa galimoto yanga, ndinaiyeza ndekha n'kupeza P0171, khodi yonena kuti mu injini mpweya wachuluka kuposa mafuta. Poti nkhaniyo imachokera kwa sensa ya okosijeni ya pa ekizozi, ndinagamula mlandu pomwepo: sensa yafa. Ndinagula ina, ndinamanga, ndinafufuta khodi, n'kudzitama. Masiku awiri osatha, nyali ija pyee, yayakanso. Ndinasintha fyuluta ya mafuta. Yayakanso. Ndinasintha mapulagi, osati chifukwa ndinali ndi umboni, koma chifukwa ndinasowa china chosintha. Pamapeto pake ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire. Iye khodiyo anangoiyang'ana kamodzi n'kuisiya. Anatsegula tsamba la manambala osintha injini ikulira, n'kukhala chete kwa kanthawi. Kenako anati, "Tapondani moto." Ndinaponda. "Siyani." Ndinasiya. Anandionetsa kuti galimoto ikaima injini ikulira yokha, kompyuta ikumawonjezera mafuta ambiri, koma ndikaponda moto manambalawo akubwerera pafupi ndi malo ake. "Ikuba mpweya penapake," anatero. Anagwira paipi ya labala yochokera ku fyuluta ya mpweya, n'kuipinda, ndipo kunsi kwake, m'kati mwa makwinya, munayasama mng'alu wotalika ngati chikhadabo. Mpweya umalowera pamenepo osawerengedwa. Sensa imene ndinachotsa ija inali mboni yonena zoona, ine n'kuichotsa ntchito.

Kuwerenga khodi kunamutengera mphindi imodzi, monga kunanditengera ine. Chimene ndinamulipira ndi kudziwa nambala yoyenera kuyang'ana komanso tanthauzo lake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho makaniko wanu atanena kuti afunika afufuze kaye asanasinthe kanthu, ine ndikuona kuti ndi chizindikiro chabwino. Amene ndimamuopa ndi uja amangowerenga khodi n'kunena nthawi yomweyo kuti kaguleni chakutichakuti, chikakana n'kukutumaninso china. Ameneyo amaoneka wotchipa pa tsiku loyamba lokha.

Nanga mphindi zisanu zoyambazo n'chifukwa chiyani zikudula? Sipana ukaigula, waigula. Mdzukulu wako adzaigwiritsanso ntchito. Makina oyezera si choncho. Makina abwino odziwa mitundu yambiri ya galimoto amagulidwa modula, kenako chaka ndi chaka mwini wake amalipiranso kuti pulogalamu yake ilandire zatsopano. Akaleka kulipira, makinawo amatsalira m'mbuyo, galimoto zatsopano zikabwera amangoti kakasi. Ndipo pa ntchito zozama, ngakhale makina oterowo amalephera, pamafunika pulogalamu ya kampani yeniyeniyo: Techstream ya Toyota, ODIS ya Volkswagen, ISTA ya BMW, Xentry ya Mercedes-Benz, Consult ya Nissan. Iliyonse ili ndi malipiro ake, ina pa ola, ina pa tsiku, ina pa chaka. Mapu a mawaya, amene kale ankapezeka m'buku limodzi lothimbirira mafuta pa shelefu, lero ali pa intaneti ndipo nawonso ndi olembetsa. Galaja yolandira mitundu yonse ya galimoto ili ngati munthu wolipira lendi ya nyumba zisanu pa nthawi imodzi, ndipo lendiyo imagawidwa pa aliyense wolowetsa galimoto pa geti, kuphatikizapo inu.

Pali ngozinso. Makaniko akamaika pulogalamu yatsopano mu kompyuta ya galimoto, mphamvu ya batire siyenera kutsika ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake amalumikiza chipangizo china chapadera chosunga mphamvuyo pamalo amodzi. Ntchitoyo ikadukira pakati, kompyuta ya galimoto itha kufa osadzukanso, ndipo kawirikawiri wolipira amakhala mwini galaja.

Chimene chikukweza bilu kwambiri, m'kuona kwanga, n'chakuti ntchito zimene kale zinali za sipana yokha lero zimathera pa kompyuta. Mabuleki omwe mwatchulawo: pa galimoto yokhala ndi handibuleki ya kabatani, mapadi akumbuyo sasinthidwa bwino popanda kuyamba kuuza timamota take kuti tibwerere m'mbuyo. Pa galimoto zina, monga za BMW, mukasintha batire muyenera kuuza kompyuta kuti batire ndi latsopano, apo ayi imapitiriza kulitchaja ngati lakale lija ndipo silikhalitsa. Injekita yatsopano ya dizilo yamakono imabwera ndi manambala ake oti alembedwe mu kompyuta ya injini. Kiyi watsopano, ngakhale atasemedwa bwino chotani, injini siilira mpaka galimoto imuzindikire. Ndiye pali galasi lakutsogolo. Kale limeneli linali galasi basi. Lero kuseri kwake kumakhala kamera yoyang'ana mizere ya msewu ndi galimoto zili kutsogolo, ndipo ndi yomwe imathandiza kumanga mabuleki mwadzidzidzi. Galasi likasinthidwa, kamerayo iyenera kuwongoledwanso, nthawi zina pogwiritsa ntchito zikwangwani zapadera zoimikidwa pa mtunda woyezedwa ndi tepi, pansi pali see. Ikapendekeka pang'ono chabe, patali imaona zinthu pamalo olakwika. Apa sindingakulangizeni kudumpha ndalamayo.

Tsopano pamene mukulondola. Mu 2015 akatswiri awiri a za chitetezo cha makompyuta, Charlie Miller ndi Chris Valasek, anaonetsa kuti atha kulowerera Jeep Cherokee kudzera pa intaneti ali kutali, n'kuisokoneza ikuyenda pa msewu. Kampani ya Fiat Chrysler inaitanitsa galimoto pafupifupi 1.4 miliyoni kuti zikonzedwe. Vutolo linali lenileni, palibe angatsutse. Koma mankhwala ake ndiwo anatulukira pena. Cha mu 2018 kampaniyo inayamba kuika mlonda wa pakompyuta pakati pa kabowo ka OBD-II ndi galimoto yonse. Makaniko atha kuwerenga makhodi, koma kuti awafufute kapena alamule chiwalo china kuti chiyesedwe, ayenera kukhala wolembetsa, wolipira chaka ndi chaka, ndipo makina ake akhale ovomerezeka ndi olumikizidwa pa intaneti. Volkswagen inabweretsa loko wake wotchedwa SFD kuyambira pa Golf 8, ndipo makampani ena akuyenda njira yomweyo. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti akatswiri aja analowera pa intaneti ya wailesi ya m'galimoto, koma wolipira pa geti ndi makaniko amene waima pambali pa galimoto, mwini wake atamupatsa yekha makiyi. Chitetezo n'chofunika, inde. Kungoti chitetezo chimene chimakankhira makasitomala ku galaja za kampani yomweyo chiyenera kuyang'aniridwa ndi diso lakuthwa.

Si ine ndekha woganiza choncho. Ku Massachusetts, chigawo china cha America, anthu anavota mu 2012 kuti galaja zoima pazokha zizipatsidwa zida ndi chidziwitso chofanana ndi cha madila ovomerezeka ndi kampani, ndipo mu 2014 makampani opanga galimoto anagwirizana kutsatira zimenezo m'dziko lonse la America. Mu 2020 anavotanso, ulendo uno pa nkhani ya zimene galimoto imatumiza yokha ku kampani kudzera pa intaneti, ndipo makampani anathamangira ku khoti. Ku Ulaya, mu Okutobala 2023, khoti lalikulu la European Union linagamula mlandu umene makampani okonza galimoto a Carglass ndi ATU anasumira FCA Italy, nthambi ya Fiat Chrysler ija, n'kunena kuti wopanga galimoto sangaike zotchinga zake zoposa zimene lamulo likulola, monga kukakamiza makaniko kulembetsa ndi kulumikizana ndi kompyuta ya kampani asanakonze galimoto. Nkhondoyi ikadali m'kati.

Za kachipangizo kanu kaja: gulani. Tambiri mwa timeneti timatengera kachipu ka ELM327, ndipo pa chipinda chotsegula chija, cha injini ndi utsi, timagwira ntchito ndithu. Mudzadziwa ngati nyali yayaka chifukwa cha chivindikiro cha thanki chosatsekedwa bwino kapena chifukwa cha vuto lalikulu, ndipo mudzalowa mu galaja mukudziwa poyambira. Koma totchipa tambiri sitiona ABS, ma airbag ngakhale makiyi, choncho kakanena kuti kulibe vuto, musaganize kuti galimoto yonse ili bwino. Musakasiye kali kolumikiza masiku ambiri galimoto itaima, chifukwa kabowoko kamakhala ndi magetsi nthawi zonse ndipo batire litha kutha. Ndipo chonde, musafufute khodi musanapite kwa makaniko. Pamodzi ndi khodiyo galimoto imasunga chithunzi cha mphindi imene vuto linachitika: injini inatentha bwanji, imazungulira mothamanga bwanji, galimoto inali pa liwiro lanji. Mukafufuta, mwasesa mapazi a wakuba, ndipo makaniko adzatha maola ambiri, olipira inu, kudikira kuti vutolo libwerenso. Nyaliyo ikamathwanima m'malo mongoyaka, musayeze n'komwe, imani. Kumeneko ndi kuphonya kwakukulu, mafuta osapsa akupita ku ekizozi ndipo atha kuwotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, chimodzi mwa zida zodula kwambiri kunsi kwa galimoto.

Mukabwerera ku galaja kuja, mufunseni makaniko akulembereni makhodi onse amene anapeza, pakuti munawalipira ndipo ndi anu. Mufunsenso ngati ndalama ya kuyeza idzachotsedwa pa bilu mukakonzetsa pomwepo. Galaja zambiri zimatero, koma sizinena ngati simunafunse. Gwirizanani malire a nthawi yofufuzira, kuti akafika pamenepo asanapeze vuto akuimbireni foni kaye. Ndipo akadzanena kuti chakuti chafa, funso lake ndi limodzi: mwatsimikiza bwanji? Amene anayezadi amayankha mosavuta, amakuonetsani nambala kapena waya wothothoka, ena mpaka amasangalala kuti mwafunsa.

M'kalata yanu simunatchule khodi imene inatuluka, mtundu wa galimoto ngakhale chaka chake. Munditumizire zitatuzi, tione limodzi ngati kufufuza kumene akunenako kuli kwa ola limodzi kapena kwa tsiku lonse.